Mmene mungawerengere ndalama za foni yanu ya m'manja pa msonkho wa bizinesi

Wamalonda wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, kaya amagula mbatata ya kachewere ku Bembeke n'kukagulitsa ku Lilongwe, kaya ali ndi golosale pa Lizulu, kaya ali ndi galimoto yonyamula kabichi kuchokera ku Tsangano, amayendetsa ntchito yake ndi foni ya m'manja, ndipo kawirikawiri foniyo ndi yomweyo imene amaimbira ana kusukulu, amalandirira uthenga wa maliro ndiponso amatumizira ndalama kumudzi. Ikafika nthawi yodzaza fomu ya msonkho, funso limakhala lakuti kodi ndalama zimene zinapita ku mayunitsi, ku mabandulo a intaneti ndi kogula foniyo zingachotsedwe pa zimene bizinesi yapeza msonkho usanawerengedwe. Zingachotsedwe ndithu, koma gawo lokhalo limene linagwira ntchito ya bizinesi, ndiponso lokhalo limene mungathe kulisonyeza ndi zolemba wogwira ntchito ku Malawi Revenue Authority (MRA), bungwe lotolera msonkho, akakufunsani. Choncho ntchito yaikulu yagona pa kalembedwe ka tsiku ndi tsiku, chifukwa masamu ake ndi osavuta.

Yambani mwadziwa msonkho umene mumalipira

Musanavutike ndi kusunga malisiti, dziwani kaye kuti MRA inakuikani m'gulu liti pamene munkatenga nambala ya TPIN, imene ndi nambala yokuzindikiritsani ngati wolipira msonkho. Mabizinesi ang'onoang'ono amene malonda awo a pachaka sanapitirire mlingo umene boma linakhazikitsa amalipira msonkho wotchedwa presumptive tax, umene amauwerengera poona ndalama zonse zimene mwagulitsa pachaka osati phindu limene mwatsala nalo. Ngati muli m'gulu limeneli, palibe pochotsera ndalama za foni, za lendi kapena za mayendedwe, ndipo mayunitsi angachuluke bwanji msonkho wanu sutsika. Kulemba ndalama za foni kudzakuthandizanibe kudziwa ngati malonda akupindula, komanso kudzakukonzekeretsani tsiku limene bizinesi idzakule n'kusamukira m'gulu lina.

Zimene zikutsatirazi zikukhudza makamaka munthu amene ali ndi bizinesi yakeyake ndipo amalipira msonkho pa phindu, ndiye kuti ndalama zolowa kuchotsapo ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito kuti zolowazo zipezeke. Eni makampani ndi anthu olembedwa ntchito ali ndi njira yawo, imene ndidzaifotokoze chakumapeto.

Zimene lamulo limalola

Lamulo loyendetsa msonkho wa pa phindu ndi Taxation Act, ndipo pali malo atatu amene akukhudza foni. Ndime 28 imalola kuchotsa ndalama zimene munthu wagwiritsa ntchito chifukwa cha malonda ake okha basi, ndipo zikhale zoti zinafunikadi kuti malondawo ayende, kupatula ndalama zogulira katundu wokhalitsa. Ndime 45 imaletsa kuchotsa ndalama zodzisamalira, zosamalira banja ndi zina za pakhomo. Katundu wokhalitsa, monga makina, mipando, makompyuta ndi galimoto, ali ndi njira yakeyake imene amaitcha capital allowance, imene imalola kuchotsa mtengo wa chinthucho pang'onopang'ono chaka ndi chaka pamene chikutha.

Foni imagwera m'malo onse atatuwa nthawi imodzi. Mayunitsi oimbira mlimi wa ku Mayani kuti mumve ngati nyemba zauma ndi a ndime 28, mayunitsi oimbira apongozi ndi a ndime 45, ndipo foni yeniyeniyo ndi katundu wokhalitsa. Mawu a ndime 28 ndi okhwima, moti ndalama yosakanikirana imene simungathe kuilekanitsa ikhoza kukanidwa yonse. Ichi n'chifukwa chake ndimalangiza kuti kulekanitsako kuchitike musanawononge ndalamayo, osati pakutha pa chaka pamene mukungoganizira.

Njira yapafupi ndi kukhala ndi manambala awiri

Mafoni ambiri ogulitsidwa m'Malawi muno amalowa masimukhadi awiri, choncho simufunika kugula foni yachiwiri. Patulani nambala imodzi, ya Airtel kapena ya TNM, ikhale ya malonda okha. Imeneyi ndiyo muziilemba pa chikwangwani cha sitolo, pa malisiti amene mumapereka ndi pa fomu za MRA, ndipo ndiyo muziipereka kwa alimi, madalaivala ndi ogula. Popeza kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, onetsetsani kuti nambala ya bizinesiyo inalembetsedwa m'dzina lanu, dzina lomwelo limene lili pa TPIN. Anthu ambiri akugwiritsa ntchito manambala amene analembetsa ndi chiphaso cha mkazi wawo, mchimwene wawo kapena mwana wawo, ndipo sitetimenti yotuluka m'dzina la munthu wina ndi yovuta kuiteteza ngati umboni wa bizinesi yanu.

Mukatero, ndalama zonse zothira pa nambala ya bizinesi mukhoza kuzichotsa zathunthu, bola mudziletse kuimbira pa nambalayo nkhani za pakhomo. Pa intaneti, ikani WhatsApp Business pa nambala ya malonda ndi kusiya WhatsApp wamba pa nambala yanu, chifukwa foni za Android zimasonyeza kuchuluka kwa intaneti imene pulogalamu iliyonse yadya pamwezi, ndipo mapulogalamu awiriwa amawerengedwa padera. Kumapeto kwa mwezi jambulani tsamba limenelo n'kusunga chithunzicho.

Kagulidwe ka mayunitsi nakonso n'kofunika. Khadi lokala silinena kuti wagula ndani ndipo wathira pa nambala iti, pamene mayunitsi ogula kudzera pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki amasiya uthenga wokhala ndi tsiku, ndalama, nambala yothiridwa ndi nambala ya ntchitoyo. Uthenga umenewu musaufufute musanaulembe m'buku. Kamodzi pa miyezi ingapo pitani ku shopu ya kampani ya foni ndi chiphaso chanu mukapemphe sitetimenti ya akaunti yanu ya ndalama za pafoni, muisindikize, muisunge pamodzi ndi mapepala ena a bizinesi. Ngati mumakongola mayunitsi, monga pa Kutapa kapena Pasavute, lembani ndalamayo kamodzi kokha, pa tsiku limene mwabweza, chifukwa mukalemba pokongola n'kulembanso pothira mayunitsi obwezera ndiye kuti mwawerengera kawiri chinthu chimodzi.

Ngati nambala ndi imodzi yokha

Amalonda ambiri sangasinthe nambala chifukwa makasitomala anaizolowera kwa zaka zambiri. Pamenepo muyenera kupeza gawo la bizinesi mwa kuwerenga, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa, chifukwa amangotchula kuti theka kapena 80 peresenti popanda chimene chikuchirikiza nambalayo.

Tengani buku la hadikava, mulembe mizere inayi yotsika: tsiku, amene mwaimbira, mphindi zimene mwalankhula, ndi chifukwa chake. Kwa mwezi wathunthu, madzulo aliwonse tsegulani mndandanda wa mafoni amene mwaimba n'kukopera m'bukumo, n'kuika chizindikiro pa aliwonse a malonda. Werengani mafoni otuluka okha, chifukwa olandira sakudyerani ndalama, ndipo werengani mphindi osati kuchuluka kwa mafoni, popeza foni imodzi yocheza ndi mbale wa ku Johannesburg ikhoza kudya ndalama zoposa mafoni 20 ofunsa mtengo wa thumba pa Chimbiya. Mzere umodzi m'bukumo ungaoneke chonchi: pa 14 Meyi, dalaivala wa lole, mphindi 6, kupangana za kunyamula matumba ku Bembeke. Mawu ochepa oterewa ndi okwanira.

Mwezi umodzi sukwanira ngati malonda anu ndi a nyengo. Wogula mbewu amaimba mafoni ambirimbiri nthawi yokolola ndipo amakhala phee miyezi ina, choncho akawerengera mwezi wokolola wokha gawo la bizinesi lidzakwera mopitirira choonadi, ndipo wofufuza wodziwa ntchito yake adzazindikira msanga. Ndi bwino kuwerenga miyezi itatu yosiyana, wina wa malonda otentha, wina wapakati ndi wina wa malonda ozizira, kenako n'kuphatikiza mphindi zonse.

Tiyerekeze mayi wogula mbatata ku Dedza n'kumakagulitsa ku misika ya ku Lilongwe. Pa miyezi itatu imene anawerenga, analankhula mphindi 1,500, ndipo mwa zimenezi mphindi 900 zinali za alimi, onyamula katundu ndi ogula. Gawo la bizinesi ndi 900 pa 1,500, ndiye kuti 60 peresenti. Ngati pa chaka chonse anathira mayunitsi ndi mabandulo oimbira a K360,000, achotsa K216,000 pa phindu lake, ndipo K144,000 yotsalayo ndi ya pakhomo, siilowa m'mabuku a msonkho. Ngati phindu lake lafika pa mlingo umene umadulidwa 30 peresenti, msonkho wake watsika ndi K64,800. Onani kuti boma silikumubwezera K216,000 ija ayi. Chimene chachitika n'chakuti ndalama imeneyo sinawerengedwe ngati phindu, choncho kuthira mayunitsi osafunika poganiza kuti msonkho udzabweza ndi kudziluzitsa nokha.

Intaneti iwerengereni payokha, chifukwa gawo lake silifanana ndi la mafoni oimba. Pa mafoni ambiri, chimene chimadya bandulo ndi mavidiyo a pa Facebook, TikTok ndi YouTube, amenenso nthawi zina amaonera ndi ana madzulo, pamene kutumiza zithunzi za katundu kwa makasitomala kumadya pang'ono. Tsegulani tsamba losonyeza kadyedwe ka intaneti, muone pulogalamu iliyonse, ndipo mutenge zokhazo zimene mungazifotokoze kuti ndi za malonda. Musadabwe gawo la bizinesi pa intaneti likatsika kufika pa 25 kapena 30 peresenti pamene pa mafoni oimba lili pa 60. Kulemba magawo awiri osiyana chonchi kumasonyeza kuti munawerengadi, ndipo m'maganizo mwanga kumapatsa mabuku anu ulemu woposa nambala imodzi yaikulu yophimba zonse.

Ndalama zimene amadula potumiza kapena potapa pa Airtel Money ndi pa Mpamba sizifuna kugawa ndi peresenti, chifukwa ntchito iliyonse imaoneka payokha pa sitetimenti. Imene anadula potumiza malipiro kwa mlimi kapena kwa mwini galimoto ichotseni yathunthu, ndipo imene anadula potumiza fizi ya mwana, chopereka cha kutchalitchi kapena ndalama ya kubetcha mpira isiyeni kunja. Pa chaka chathunthu, kwa munthu wogula mbewu amene amalipira alimi ambiri pafoni, ndalama zodulidwazi zikhoza kuposa za mayunitsi, koma ndi zimene amalonda amaiwala kulemba. Zina zing'onozing'ono, monga kutchajitsa foni magetsi akazima, kugula tchaja, batire kapena kusinthitsa galasi losweka, zigaweni ndi peresenti yomwe ija ya foni.

Kwa amene ali m'mbali mwa malire, monga ku Lizulu, ku Biriwiri ndi ku Tsangano, pali nkhani ya masimukhadi a ku Mozambique, monga a Movitel ndi Vodacom, amene ena amawagwiritsa ntchito polankhula ndi alimi a tsidya linalo. Ndalama zimenezi ndi za bizinesi ngati zina zonse, koma mabuku a msonkho amalembedwa m'makwacha, choncho lembani ndalama imene mwalipira m'meticais, mtengo wosinthira wa tsikulo ndi makwacha ake pa mzere womwewo.

Mtengo wa foni yeniyeniyo

Foni imene idzagwire ntchito zaka zingapo simungaichotse mtengo wonse m'chaka chimene mwagula. Imalowa m'kaundula wa katundu wa bizinesi, ndipo chaka chilichonse mumachotsa gawo la mtengo umene watsala. Mlingo wake umasiyana malinga ndi mtundu wa katundu: makompyuta amawapatsa 40 peresenti pachaka, pamene mipando ndi matebulo amawapatsa 10 peresenti. Musanadzaze fomu yoyamba, funsani ku ofesi ya MRA kumene kuli fayilo yanu kuti foni yanu aiika m'gulu liti ndiponso ngati ikuyenera kulandira gawo lowonjezera la chaka choyamba, ndipo yankho mulilembe pamodzi ndi tsiku limene munafunsa, kuti zaka zotsatira muzitsatira mlingo womwewo.

Pofuna kuonetsa masamu ake, tiyerekeze kuti mayi uja anagula foni ya K400,000 ndipo mlingo wake ndi 20 peresenti. Gawo la bizinesi ndi 60 peresenti ya K400,000, ndiye kuti K240,000. Chaka choyamba achotsa 20 peresenti ya ndalama imeneyi, K48,000, n'kutsala K192,000. Chaka chachiwiri achotsa 20 peresenti ya K192,000, imene ndi K38,400, n'kutsala K153,600, ndipo zidzapita zikuchepa choncho. Peresenti imatengedwa pa mtengo wotsala osati pa mtengo wogulira, ndipo ambiri amene amadzilembera okha mabuku amaphonya pamenepa n'kumachotsa K48,000 chaka chilichonse.

Umboni wa mtengo ndi lisiti la sitolo. Malisiti otuluka m'makina amafufutika pakapita miyezi yochepa, makamaka akasungidwa m'chikwama kapena pamalo otentha, choncho lijambuleni kapena lipangitseni fotokope tsiku lomwelo. Ngati mwagula foni yogwirapo kale ntchito kwa munthu, lemberanani kalata yosonyeza tsiku, mtengo, mtundu wa foni, dzina ndi nambala ya chiphaso cha wogulitsa, ndi nambala yapadera ya foniyo yotchedwa IMEI, imene imatuluka mukaimba *#06#, ndipo pakhale mboni yosainira. Kalata yomweyo idzakutetezani ikadzapezeka kuti foniyo inali yobedwa. Foni yogula ku Mozambique kapena ku South Africa ikhale ndi lisiti la kumeneko pamodzi ndi pepala la kasitomu ngati munalipira msonkho polowa nayo pa chipata cha Dedza, chifukwa msonkho wa pachipatawo umawonjezedwa pa mtengo wa foni. Foni yogula pangongole yolipira pang'onopang'ono ili ndi mbali ziwiri, mtengo wa foni ndi chiwongoladzanja, choncho pemphani wogulitsa akulembereni mosiyanitsa. Mtengowo ulowa m'kaundula wa katundu, ndipo gawo la bizinesi la chiwongoladzanja lichotsedwa m'chaka chimene mwalipira.

Pali anthu amene foni anali nayo kale asanayambe bizinesi. Pamenepo lembani tsiku limene inayamba kugwira ntchito ya malonda ndi mtengo umene ikanagulitsidwa tsiku limenelo, koma musapitirire ndalama imene munagulira. Ndikunena izi chifukwa kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafoni inakwera kwambiri moti foni yakale ikhoza kugulitsidwa ndalama zoposa zimene mwini wake anagulira, koma chimene mukuchotsa pa msonkho ndi ndalama imene inatuluka m'thumba mwanu.

Mukadzagulitsa foniyo, musangoifufuta m'kaundula. Tengani gawo la bizinesi la ndalama imene mwalandira, mulifanizire ndi mtengo wotsala m'mabuku. Ngati mayi uja atagulitsa foni yake K300,000 pakutha pa chaka chachiwiri, gawo la bizinesi ndi K180,000, limene likuposa K153,600 yotsala ndi K26,400, ndipo ndalama yapamwambayo iyenera kulembedwa ngati phindu. Foni ikabedwa, monga zimachitikira m'misika ya chithinithini ndi m'maminibasi, katengeni lipoti la apolisi lokhala ndi nambala ya IMEI, chifukwa popanda pepala limenelo mulibe chosonyeza kuti katundu amene ali m'kaundula wanu anapita kuti.

Za VAT

Gawo ili likukhudza okhawo amene analembetsa VAT, msonkho umene umawonjezedwa pa mtengo wa zinthu pogulitsa. Iwowa akhoza kuchotsa VAT imene analipira pogula foni ndi pa bilu ya foni pa VAT imene atolera kwa makasitomala, koma gawo la bizinesi lokha, ndiponso pokhapokha ngati ali ndi lisiti lovomerezeka la msonkho losonyeza TPIN yawo ndi ndalama ya VAT payokha. Uthenga wa pafoni wonena kuti mwagula bandulo si lisiti lotere, n'chifukwa chake bizinesi yolembetsa VAT imene imathira mayunitsi ambiri imachita bwino kutenga nambala yolipira pakutha pa mwezi, imene imabwera ndi bilu m'dzina la bizinesiyo. Fomu ya VAT imaperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira. VAT imene mwaichotsa kale pa fomu imeneyi musaiwerengerenso pa msonkho wa phindu. Kumeneko lembani mtengo wopanda VAT.

Ogulitsa zokolola zosakonzedwa, monga mbatata, kabichi ndi tomato, dziwani kuti katundu ameneyu sakhomedwa VAT, ndipo wogulitsa katundu wotere yekhayekha sangaitanitse VAT ya pafoni. Kwa iyeyo, monganso kwa aliyense wosalembetsa VAT, ndalama yonse imene walipira, VAT ili momwemo, ndiyo imene amaigawa ndi peresenti ija. Msonkho wa excise wa 10 peresenti, umene boma linauika pa mauthenga a pafoni ndi pa intaneti mu 2015, subwezedwa kwa aliyense, umangokhala mbali ya mtengo wa bandulo.

Ngati muli ndi kampani kapena antchito

Kampani yolembetsedwa ndi yosiyana ndi mwini wake pamaso pa lamulo, choncho foni imene munagula ndi ndalama zanu, lisiti lili m'dzina lanu, si katundu wa kampani ndipo kampani singachotse mtengo wake. Pali njira ziwiri. Mukhoza kugulitsa foniyo ku kampani pa mtengo woyenera, polemberana kalata ndi kulandiradi ndalamayo, kapena mukhoza kuisunga ngati yanu n'kumapereka ku kampani mndandanda wa ndalama zimene mwagwiritsa ntchito pa zinthu zake, pamodzi ndi umboni, kuti izikubwezerani mwezi ndi mwezi. Kwa kampani yaing'ono ya banja, njira yachiwiriyi ndi imene ili ndi mavuto ochepa.

Pa antchito, kaperekedwe ndiko kamasintha msonkho. Mukawonjezera ndalama ya mayunitsi pa malipiro a pamwezi, ndalamayo imaphatikizidwa ku malipiro n'kudulidwa PAYE (msonkho wa pa malipiro), imene wolemba ntchito amaipereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mukamawalipirira bilu kapena kuwathirira mayunitsi mwachindunji pa foni imene amagwiritsanso ntchito pa zawo, nkhaniyo imalowa mu fringe benefit tax, msonkho wa 30 peresenti umene amalipira ndi wolemba ntchito pa miyezi itatu iliyonse. Pa foni, malamulo amatenga theka la ndalamayo ngati limene wantchito wapindula nalo payekha, ndiye kuti pa K100,000 ya mayunitsi, K50,000 ndiyo imakhomedwa, ndipo msonkho wake ndi K15,000. Mayunitsi ochepa amene mumatumizira mnyamata waganyu kapena wakabaza kuti akuimbireni katundu akafika ndi ndalama wamba ya bizinesi, ingolembani tsiku, nambala yake ndi ntchito imene anatumidwa.

Munthu wolembedwa ntchito amene amaimba mafoni a kuofesi ndi mayunitsi ake asayembekeze kuti PAYE yake itsika, chifukwa imawerengedwa pa malipiro monga alili. Chimene angachite ndi kulemba mafoni a ntchitowo n'kupempha abwana ake kuti amubwezere ndalama yeniyeni imene wawononga, ndipo ndi bwino kuti mgwirizano umenewu ulembedwe.

Podzaza fomu ndi posunga mapepala

Fomu ya msonkho wa pachaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku anu chitatha, ndipo masiku ano zambiri zimachitikira pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti. Pa mzere wa ndalama za foni lembani gawo la bizinesi lokha, ndipo mtengo wa foni uonekere pa tsamba la katundu wokhalitsa osati pamodzi ndi mayunitsi. Ngati mumalipira msonkho wa patsogolo pa miyezi itatu iliyonse, umene umafunika pasanathe masiku 25 miyezi itatuyo itatha, werengerani ndalama za foni poyerekeza phindu la chakacho kuti musalipire mopitirira. Pa pepala limodzi lapadera lembani mmene munapezera peresenti yanu: miyezi imene munawerenga, mphindi zonse, mphindi za malonda ndi zimene zinatuluka. Pepala limeneli ndilo loyamba kulitulutsa mukafunsidwa, ndipo ngati muli ndi akauntanti mupatseni kope lake kuti asangoika nambala ya m'mutu mwake. Peresentiyo iwerengeninso bizinesi ikasintha, mwachitsanzo mukatsegula sitolo yachiwiri kapena mukasiya kugula mbewu m'midzi.

Buku la hadikava, masitetimenti, malisiti ndi makalata ogulira foni musawataye zisanathe zaka 7, ndipo zithunzi za malisiti zisakhale m'foni yomweyo basi, zitumizeni ku imelo yanu kapena zisindikizeni, popeza foni ikatayika zimapita nayo limodzi. MRA ikakana gawo limene munachotsa n'kukutumizirani msonkho wowonjezera, muli ndi masiku 30 olembera Commissioner General, mkulu wa MRA, kalata yotsutsa, yofotokoza zifukwa zanu ndi kuphatikizapo makope a umboni. Kalatayo ikaperekedwa pamanja, pemphani kuti akudindireni kope lanu ndi tsiku limene alandira, ndipo ngati yankho lawo silikukukhutiritsani nkhaniyo mukhoza kupita nayo ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2021.